Jhana: bata la maganizo limene Abuda amati limachita kuphunziridwa

Mabuku akale a Chibuda amasimba za tsiku lina Buddha ali m'chisakasa chopunthiramo mbewu pamudzi wa Atuma, kumpoto kwa India. Kunagwa chimvula cha mabingu, ndipo mphezi inapha alimi awiri apachibale pamodzi ndi ng'ombe zinayi chapafupi pomwepo. Mudzi wonse unakhamukira kumeneko. Buddha atatuluka m'chisakasamo anafunsa bambo wina chimene chasonkhanitsa khamu lonselo. Bamboyo anangoti kakasi. Anafunsa ngati mphunzitsiyo anali atachokapo, koma iye anati anali momwemo. Anafunsa ngati anali m'tulo, iye anati anali maso, nzeru zake zili bwinobwino. Koma za mvula, ziphaliwali ndi kuphulika kwa mphezi sanaone kapena kumva kanthu.

Aliyense amene mvula ya mu Disembala inam'pezapo ali kudimba ku Kabudula kapena padambo ku Nsaru amadziwa kuti bingu likalira pafupi limadzutsa ngakhale woledzera. Choncho akamva nkhaniyi anganene kuti munthuyo anakomoka, kapena anagwidwa ndi mizimu, kapena osimba anangowonjezera mchere. Abuda ali ndi yankho lina. Iwo amati maganizo a munthu akhoza kuphunzitsidwa kukhala pa chinthu chimodzi mpaka zina zonse kuzimiririka, mwini wake ali tcheru kuposa masiku onse. M'chinenero cha Pali, chimene malemba awo akale analembedwamo, mkhalidwe umenewu umatchedwa jhana. Kaya za ku Atuma zinachitika ndendende mmene zimasimbidwira kaya ayi, luso lenilenilo likuphunzitsidwabe lero, ndipo akatswiri a ubongo ayamba kuliyeza ndi makina.

Abuda m'Malawi muno ndi ochepa kwambiri, komabe nkhaniyi siili kutali nafe. Ku Mapanga, m'mbali mwa msewu wochoka ku Limbe kupita ku Zomba, kuli Amitofo Care Centre, malo olererako ana amasiye amene mmonke wa ku Taiwan, Hui Li, anayambitsa cha m'ma 2004. Mmonkeyu anafika ku South Africa mu 1992 kudzamanga kachisi wa Nan Hua ku Bronkhorstspruit, kumene kunatsegulidwanso sukulu yosulira amonke achiafirika. Filimu ya Buddha in Africa, imene Nicole Schafer anatulutsa mu 2019, inaonetsa moyo wa ku Amitofo: kudzuka kusanache, mapemphero a m'Chitchaina, chakudya chopanda nyama, komanso mtima wa mnyamata wokokedwa uku ndi kumudzi kwawo, uku ndi sukuluyo. Amalawi ambiri amawadziwa anawa chifukwa cha kung fu. Masewerawo ndi a ku Shaolin, kachisi wa ku China amene amadziwika kuti ndi kwawo kwa Chibuda cha Chan, ndipo Chan ndi dzina lomwelija la jhana litadutsa pa lilime la Atchaina. Ku Japan linasanduka Zen. Kudumpha ndi kupidiguka ndiko kumakopa maso, koma mwambo umene unabala zimenezi unayambira pa kukhala pansi chete. Ngakhale kutchula mobwerezabwereza dzina la Amitofo (Buddha wina amene malowo anatengera dzina lake), kumene kuli pakati pa mapemphero awo, cholinga chake china ndi kusonkhanitsa maganizo omwazika kuti akhale amodzi.

Buddha mwiniwake, amene dzina lake linali Siddhattha Gotama ndipo anakhalako zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, sanaitulukire njirayi mosavuta. Atachoka kwawo anaphunzira kwa aphunzitsi awiri, Alara Kalama ndi Uddaka Ramaputta, amene anamufikitsa pa bata lozama zedi, koma iye anaona kuti akadzukapo mavuto a mumtima amakhala alipobe. Kenako anatembenukira ku kuzunza thupi. Anasala kudya mpaka nthiti kuwerengeka, ankadziletsa kupuma mpaka mutu kuwawa ngati ung'ambika. Zaka 6 zinatha chichokere kwawo, osapeza chimene ankafuna.

Chimene chinamutembenuza chinali chikumbukiro cha ubwana. Tsiku lina ali mwana, bambo ake atatanganidwa ndi ntchito (olemba ndemanga amati unali mwambo woyamba kulima), iye anakhala pamthunzi wa mtengo wa jambu. Popanda womuphunzitsa, mtima wake unadekha n'kudzala ndi chimwemwe chimene sichinachokere ku chakudya, ku chuma kapena ku chilakolako chilichonse. Anadzifunsa chifukwa chimene ankaopera chimwemwe choterocho, ndipo sanachipeze. Anaonanso kuti thupi lofooka ndi njala silingafike kumeneko, choncho anadya. Anzake asanu amene ankasala naye anamusiya mokhumudwa poganiza kuti wabwerera m'mbuyo. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuimva bwino kuno kwathu, kumene ambiri amakhulupirira kuti zauzimu zimabwera pokhapokha thupi likazunzika. Chiphunzitso cha jhana chimati munthu adye mokwanira, agone mokwanira, ndiye akhale pansi.

Koma kukhala pansi sindiko poyambira. Malemba amaika khalidwe patsogolo: osapha, osaba, osachita chigololo, osanama, osaledzera. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Venda amene watsinira sikelo pogula soya kwa gogo pamsika, akatseka maso madzulo chimene chimabwera ndi nkhope ya gogoyo, kapena mantha oti amutulukira. Mtima umene ukudzitsutsa sukhazikika.

Pali zotchinga 5 zimene wophunzira aliyense amakumana nazo: kulakalaka zokoma, chidani, ulesi ndi kusinza, kusakhazikika pamodzi ndi kudandaula zakale, ndiponso kukayika. Buddha anayerekeza munthu amene wachotsa chotchinga choyamba ndi munthu amene wamaliza kubweza ngongole n'kutsalabe ndi kenakake m'thumba. Amene anatengapo katapila kapena ngongole ya feteleza amakudziwa kupepuka kumeneko. Malinga ndi malembawo, kupepuka koteroko kumabala chimwemwe, chimwemwe chimadekhetsa thupi, ndipo thupi likadekha maganizo amasonkhana okha. Jhana siimabwera chifukwa choluma mano.

Buku limene linafotokoza njirayi mwatsatanetsatane ndi Visuddhimagga, lolembedwa ndi mmonke Buddhaghosa m'zaka za m'ma 400 ku Anuradhapura, Sri Lanka. Limatchula zinthu 40 zimene munthu angaikepo maganizo. Choyamba ndi dothi. Wophunzira amatenga dothi lofiirira, kulichotsa timiyala ndi tiudzu, n'kuliumba mozungulira ngati mbale yosalala. Amakhala potalikirako pang'ono n'kumaliyang'ana modekha, osatong'ola maso komanso osatsinzina, akubwereza dzina la dothi mumtima. Amatseka maso, amatsegula, amatsekanso, mwina kwa masabata ambiri, kufikira chithunzi cha mbaleyo chioneke bwinobwino maso ali chitsekere. Akapitiriza, chithunzicho chimayera n'kuwala, zipsera zonse za dothi lija zitachoka. Chizindikiro chimenechi chimatchedwa nimitta, ndipo ndicho khomo.

Bukulo ndi la munthu wodziwa moyo wa tsiku ndi tsiku. Limatchula zinthu 18 zimene zimapangitsa malo kukhala osayenera: malo aakulu kwambiri, malo amene akumangidwa kumene, a m'mbali mwa msewu waukulu, apafupi ndi potunga madzi, okhala ndi mitengo ya zipatso imene imakopa anthu, oyandikana ndi minda. Limalangizanso wophunzira kuti ayambe wasoka zovala zong'ambika ndi kumaliza tintchito tina, kuti tisamamusokoneze ali pakati.

Lero ambiri sagwiritsa ntchito dothi koma mpweya. Munthu amakhala msana uli chilili, n'kuika chidwi pamene mpweya ukukhudza polowa ndi potuluka, kumapeto kwa mphuno kapena pamlomo wapamwamba. Sautsatira mpaka m'mimba, ndipo saukakamiza. Poyamba amawerenga, osalekeza pansi pa 5, osapitirira 10, kenako kuyambiranso. Amene sanayesepo angaganize kuti izi n'zachibwana, koma ayese aone: asanafike pa 4 maganizo amakhala atapita kale ku fizi ya mwana, ku mtengo wa thumba la chimanga, ku mawu amene mlamu analankhula pamaliro chaka chatha. Buddhaghosa anafotokoza vutoli ndi fanizo limene mlimi wa ku Namitete kapena ku Mpingu wosula ng'ombe za pangolo angalimve msanga. Thole losaphunzitsidwa amalichotsa kwa make n'kulimangirira ndi chingwe pa chichiri cholimba. Limadumpha, limakoka, limazungulira, koma poti chingwe sichiduka, pamapeto limagona pafupi ndi chichiricho. Chichiri ndi mpweya, chingwe ndi kukumbukira kubwerera. Palibe chomenyera tholelo. Ntchito ndi kubwerera basi, kambirimbiri.

Maganizo akayamba kukhazikika, mpweya umachepa mphamvu mpaka kuoneka ngati wasowa, ndipo apa ambiri amachita mantha n'kupuma mwamphamvu, zonse n'kumwazika. Amene adikira osatekeseka amaona chizindikiro chija. Kwa ena chimakhala ngati thonje, kwa ena ngati utsi, kwa ena ngati nyenyezi kapena mwezi. Aphunzitsi amachenjeza kuti kuwalako si mngelo, si mzimu wa makolo, si uthenga. Ndi mmene maganizo odekha amaonera mpweya womwewo. Wochithamangira chimamuthawa.

Malemba amawerenga majhana 4. M'yoyamba, zotchinga zija zagona, maganizo akali ndi kantchito koika chidwi pa chinthucho ndi kuchisunga pomwepo, ndipo thupi lonse limadzala ndi chisangalalo. Buddha anakuyerekeza ndi ufa wosambira umene waukanda ndi madzi mpaka paliponse panyowa koma osadontha. Phokoso amati ndi minga kwa jhana yoyambayi, n'chifukwa chake ophunzira amafuna malo achete. M'yachiwiri ngakhale kantchito kaja kamatha, kulankhula kwa mumtima kumaleka, ndipo chisangalalo chimatumphuka chokha ngati thamanda lopanda mtsinje wolowamo koma lodzazidwa ndi kasupe wapansi. M'yachitatu chisangalalo chothithimutsa chija chimaoneka ngati chaphokoso ndipo chimazilala, kutsala kukoma kodekha. M'yachinayi ngakhale kukomako kumasiyidwa. Chotsala ndi mtima wosapendekera ku chokoma kapena chowawa, wowala, ngati munthu wofunda nsalu yoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Malemba amati pamenepa kupuma kumaleka. Ena mwa aphunzitsi a lero amamva mawuwa kuti mpweya umachepa kwambiri moti sumvekanso.

Chochititsa chidwi n'chakuti munthu sakwera powonjezera kanthu. Pa sitepe iliyonse amataya chimene pa sitepe yapitayo chinali chokoma kwambiri.

Kupitirira apo pali mikhalidwe ina 4 yopanda maonekedwe: danga lopanda malire, kuzindikira kopanda malire, kupanda kanthu, ndi womaliza wochepa mphamvu kwambiri moti sunganenedwe kuti munthu akuzindikira kapena sakuzindikira. Iwiri yomalizayi ndi imene Alara Kalama ndi Uddaka Ramaputta ankaphunzitsa. Nkhani ya imfa ya Buddha ku Kusinara, ali ndi zaka 80, imati anakwera masitepe onsewa, kutsikanso mpaka poyamba, kukweranso kufika pa jhana yachinayi, ndipo atatuluka mmenemo anatsirizika.

Mmalawi amene anaonapo munthu atagwidwa ndi vimbuza, kapena atagwa pansi m'mapemphero a usiku, angafune kuika jhana m'gulu lomwelo. Sizofanana. Kumeneko pamakhala ng'oma, nyimbo ndi khamu, thupi limagwedezeka, ndipo anthu amakhulupirira kuti wina wochokera kunja walowa mwa munthuyo. Nthawi zambiri mwini wake sakumbukira zonse. Mu jhana mulibe ng'oma, mulibe woitanidwa, thupi lili phee. Wodziwa bwino amasankha nthawi yolowera, utali wokhalamo ndi nthawi yotulukira, kenako amafotokoza chimene chinalimo ndi chimene munalibe. Buddhaghosa amati amene sanafike pa ulamuliro wotere pa jhana yoyamba asathamangire yachiwiri, angataye zonse.

Chofanana nacho pang'ono chili pafupi kuposa mmene anthu amaganizira. Chipatala cha St Gabriel ku Namitete chinayambitsidwa mu 1959 ndi masisitere a Chikarimeli ochokera ku Luxembourg, ndipo banja la Akarimeli ndilo la Teresa wa ku Avila, amene anakhalako kuyambira 1515 mpaka 1582. Teresa analemba za masitepe a pemphero lachete, mmene mawu amachepera, maganizo n'kusonkhana mkati, mpaka munthu kuiwala zomuzungulira. Akatswiri oyerekeza zipembedzo akhala akuika zolemba zake pambali pa za Abuda. Kusiyana kwake n'kwakukulu ndipo sikuyenera kubisidwa: kwa Teresa masitepe ozamawo ndi mphatso ya Mulungu imene munthu sangadzipatse yekha, pamene kwa Abuda ndi chipatso cha zifukwa zimene munthu angazikonze, ndipo mulibe Mulungu wokumana naye. Komabe Mkatolika wa ku Nambuma amene anakhalapo chete patsogolo pa Ukaristiya mpaka osazindikira kuti ola latha sangaone nkhaniyi ngati yachilendo kotheratu.

Asayansi afikapo mochedwa. Mu 2013 magazini ya Neural Plasticity inasindikiza kafukufuku wa Michael Hagerty ndi anzake, amene anayeza ubongo wa mphunzitsi wa ku America, Leigh Brasington, akudutsa m'majhana. Anapeza kuti mbali ya ubongo imene imadzuka munthu akalandira chokoma, monga chakudya kapena ndalama, inadzuka popanda chilichonse chochokera kunja. Anayeza munthu mmodzi yekha, choncho si umboni womanga nawo nyumba, koma zikugwirizana ndi zimene mwana wa pansi pa mtengo wa jambu uja anaona. Gulu la Matthew Sacchet ku Harvard likupitiriza ntchitoyi ndi makina amphamvu kwambiri.

Abuda eni akewo sagwirizana kuti jhana yeniyeni ndi yozama bwanji. Pa-Auk Sayadaw wa ku Myanmar ndi Ajahn Brahm, Mngelezi wokhala ku Australia, amati ikakhala yeniyeni munthu samva phokoso kapena thupi lake, ndipo akhoza kukhalamo maola. Visuddhimagga imati pa sitepe iliyonse wopambana ndi mmodzi mwa 100 kapena mwa 1,000. Ophunzira a Ayya Khema, mayi wobadwira ku Berlin amene anamwalira mu 1997, amaphunzitsa mtundu wopepukirapo umene munthu wamba angaufike pa masabata ochepa a kubindikira. Mahasi Sayadaw, amene anamwalira mu 1982, anaphunzitsa kuti munthu akhoza kupita ku kuona zinthu mmene zilili popanda kudikira jhana yozama. Mkanganowu sunathe. Wolemba nkhani ino akuona kuti phindu lake ndi kuchenjeza munthu kuti asathamangire kudzipatsa udindo chifukwa cha bata la mphindi zochepa.

Pamene onse amagwirizana ndi apa: jhana si mathero. Imagonetsa dyera ndi chidani, siizula. Ntchito yake ndi kunola maganizo kuti munthu akatulukamo aone bwino kuti chilichonse, ngakhale chimwemwe chimenecho, chimayamba n'kutha, ndipo potero aleke kukakamira. Chitsanzo chimene Abuda amakumbutsana ndi Devadatta, msuweni wa Buddha. Malemba amati anafika patali m'kusinkhasinkha mpaka kuchita zodabwitsa, koma nsanje ndi kufuna mpando zinamugwira, ndipo anayesa kupha mphunzitsi wake pomugubuduzira chimwala.

Palinso mbali imene otsatsa malonda a kusinkhasinkha pa intaneti satchula kawirikawiri. Mu 2017 Jared Lindahl, Willoughby Britton ndi anzawo a ku Brown University anasindikiza zimene anamva kwa anthu 60 amene anakumana ndi zovuta posinkhasinkha: mantha, kusowa tulo, kubwerera kwa zowawa zakale, kudzimva ngati si iwe. Ena zinawatengera nthawi yaitali kuti achire. Mphindi 10 kapena 20 patsiku zoyang'anira mpweya sizivuta anthu ambiri, ndipo mwana wasukulu amene akulephera kuwerenga tsamba limodzi osagwira foni angapindule nazo. Koma kudzitsekera maola ambiri popanda mphunzitsi wodziwa n'kuika moyo pachiswe, makamaka kwa amene anadwalapo matenda a maganizo kapena wangoferedwa kumene.

Aphunzitsi otere mu Africa alipo, ngakhale ndi owerengeka. Bhante Buddharakkhita, Muganda wobadwa mu 1966, anatsegula Uganda Buddhist Centre pafupi ndi Entebbe mu 2005. Iye anaphunzira kwa Henepola Gunaratana, mmonke wa ku Sri Lanka amene analemba zambiri za jhana. Amalawi amene ali ku Joni angapite ku Buddhist Retreat Centre ya ku Ixopo, KwaZulu-Natal, imene inatsegulidwa mu 1980, komanso ku Dhamma Pataka ya ku Worcester, kumene maphunziro a masiku 10 salipiritsa ndipo masiku atatu oyamba amathera pa kuyang'anira mpweya.

Kumene kuli zodabwitsa, achinyengo sasowa, ndipo Abuda anakumana nazo Buddha akali moyo. Malamulo a amonke amasimba kuti m'chaka china cha njala, gulu la amonke limene linkakhala m'mphepete mwa mtsinje wa Vaggumuda linapangana kuti lizitamandana pamaso pa anthu a m'mudzi, kuti uyu wafika pa jhana yakuti, uyo ali ndi mphamvu zakuti. Anthu anayamba kudzimana, kumana ana awo, n'kumapereka chakudya chabwino kwa amonkewo. Nyengo itatha, amonke ena anafika kwa Buddha ataonda, koma awa anafika atanenepa, nkhope zili see. Buddha atafufuza n'kumva chifukwa chake, anawadzudzula kwambiri, ndipo anati kudya chakudya cha anthu mwa njira imeneyi ndi umbava woposa wina uliwonse. Anakhazikitsa lamulo limene likugwirabe ntchito lero: mmonke wonama mwadala kuti wafika pa jhana amachotsedwa, ndipo sadzakhalanso mmonke moyo wake wonse. Ndi limodzi mwa malamulo 4 okha okhala ndi chilango chotere, pamodzi ndi kupha munthu, kuba ndi kugonana.

Pali lamulo linanso laling'ono loletsa mmonke kuuza anthu wamba za zimene wafikapo ngakhale zitakhala zoona. Choncho, owerenga, tsiku lina mukadzakumana ndi munthu wa mwinjiro, kaya pamaso kaya pa Facebook, wodzitama kuti wafika pa jhana yachinayi ndipo angakufikitseni komweko mukamutumizira ndalama, dziwani kuti waswa kale malamulo a chipembedzo chimene akunena kuti ndi chake.